Tambala wa Chinkhoswe cha Belita

Kuli chilumba china pakati pa nyanja, dzina lake Tionamawa. Chilumbachi chili ndi zonse zimene dziko limakhala nazo: mfumu yake, ndalama zake, apolisi ake, ndende yake, ngakhale akuba a m'boma ndi obadwira pomwepo, sachita kuwaitanitsa kunja. Chosowa ndi chimodzi chokha. Palibe munthu amene amayerekeza kunena pakamwa kuti Tionamawa ndi dziko, chifukwa tsidya la madzi kuli dziko lalikulu la Zonsenzanga, limene limati chilumbachi ndi khonde la nyumba yake, ndipo tsiku limene khondelo lidzadzitche nyumba lidzaona zakuda. Ndiye mukamufunsa munthu wa ku Tionamawa kuti kodi inu ndinu dziko kapena ayi, amakuyang'anani mwachifundo, n'kukufunsani ngati mwadya kale.

Ufumu wa pachilumbapo si wobadwa nawo, amachita kuvotera. Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Mbalizonse, katswiri wolankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anthu n'kuwomba m'manja, koma pobwerera kunyumba aliyense n'kumatsutsana ndi mnzake za chimene mfumu yanena. Ofuna kuilanda mpando anali awiri. A Chimphepo a chipani cha Tatopa ankati chilumba chiime pachokha lero lomwe, zivute zitani. A Pepani a chipani cha Tisawakwiyitse ankati njovu ukagona nayo pafupi usamatsokomole. Anthu ankapita kumisonkhano ya zipani zonse, kuvina konse, kulandira nsalu zonse, koma tsiku la chisankho likafika ankavotera kuti zinthu zikhale mmene zililimu.

Tsiku ndi tsiku sitima inkabwera kuchokera ku Zonsenzanga itadzaza alendo odzaona malo. Musaganize kuti pachilumbapo pali mapiri okongola kapena nyama zachilendo, ayi. Alendowo ankabwera kudzaona munthu akutukwana mfumu pamsika masanasana, kenako n'kukagona kunyumba kwake osamangidwa. Kwawo zimenezi kulibe. Ankaima mozungulira, kujambula, ena mpaka kugwetsa misozi, moti kutukwana mfumu kunasanduka ganyu wa anthu ena. Koma walira mvula walira matope. Alendowo ankadya ngati sadzadyanso, ndipo mitengo ya zinthu inakwera mochititsa manyazi. Dzira linasanduka chakudya cha odwala, tomato ankamugula wodula pakati, ndipo eni nyumba anathamangitsa anthu a lendi kuti zipinda zikhale zogona alendo.

Mmodzi mwa othamangitsidwawo anali a Filimoni Gwedeza, owotcha kanyenya wa nkhuku pamsika wa padoko. Ankagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa benchi yawo, pamodzi ndi matumba a makala. Munthuyu alendo sankawafuna n'komwe. Ankati ndi aphokoso, amatsutsa mtengo, amalavula paliponse. Koma sitima ikangolira, woyamba kukupiza moto anali iwo omwe, mano onse pamtunda. Mumtima mwawo munali chinthu chimene sanauzepo munthu: ankalakalaka tsiku limodzi lokha, asanafe, adzamve wina akunena poyera kuti Tionamawa ndi dziko. Ankaziuza nkhuku zokha pozisosola, pakuti nkhuku yakufa sipita kupolisi.

Tsiku lina sitima itangochoka, panafika a Nachisale, mlongo wawo wa a Gwedeza, mwana wawo Belita ali pambuyo wera. Kayendedwe kokhako kanali kokwanira, a Gwedeza anaika mpeni pansi. A Nachisale anafotokoza mozungulira, monga amachitira amayi a mvano, kuti kwapezeka mwamuna, kuti mwamunayo ndi Lufeyo, mnyamata wa ku Zonsenzanga uja amatsogolera alendo atanyamula ambulera yachikasu, komanso kuti zinthu zinapita kale patsogolo, mtsikanayu ndi woyembekezera. Unkhoswe wonse unali m'manja mwa a Gwedeza, pakuti malume analipo ndi iwo okha.

A Gwedeza anakalipa mpaka nkhuku zamoyo zinakhala chete m'chitete. Anafunsa ngati amuna atha pachilumba chonse kuti mwana akatole wa ambulera. Belita anayankha ali chiwerere kuti amuna alipo, koma onse akugona kwa amayi awo chifukwa cha lendi, ndiye mkazi akamuika pati? Anawonjeza kuti Lufeyo wavomera chikamwini, ndipo samwa mowa. Pamenepo a Gwedeza anangopukusa mutu n'kunena kuti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndipo anavomera.

Tsono pachilumbapo pali mwambo wakale kuposa mkangano wa mayiko awiriwa. Pachinkhoswe, nkhoswe ya kuchimuna imapereka tambala, ya kuchikazi n'kubweza msoti. Ngati mkamwini ndi wa m'dziko lomwelo, tambala amakhala wakuda. Ngati ndi wochokera dziko lina, tambala amakhala woyera, ndipo nkhoswe ya kuchikazi imamukweza m'mwamba kuti aliyense aone. Ena onse amene anakwatirana ndi anthu a tsidya lija ankaudziwa msamphawu, n'chifukwa chake ankangolowana mwakachetechete. Koma a Nachisale anali atalumbira kuti mwana wawo mmodzi yekhayo salowa m'banja ngati mbuzi yolowa m'munda. Ankafuna chinkhoswe chenicheni, cha nthungululu.

A Gwedeza za msampha umenewu sanaziganize n'komwe. M'mawa mwake, Lufeyo akudutsa pamsika ndi ambulera yake, alendo ali ndondondo pambuyo, iwo anafuna kuonetsa anzawo kuti tsopano ndi apongozi a munthu. Anakuwa msika wonse ukumva.

"Iwe mkamwini, ukawauze akwanu akonzeretu tambala. Paja kwanuko ndiye kuti abweretsa wotani, wakuda kapena woyera?"

Mawuwo atangotuluka, a Gwedeza anafuna kuwameza, koma anali atapita. Msika unangoti zii. Ambulera ya Lufeyo inatsika pang'onopang'ono mpaka kubisa nkhope yake. Dzuwa lisanalowe, nkhani inali pawailesi za mbali zonse ziwiri za nyanja.

Oyamba kufika pabenchi ya kanyenya anali a Chimphepo, ndi gulu la anyamata opaka penti kumaso. Anakwera pathumba la makala a eni ake n'kulengeza kuti mbiri yasankha manja a munthu wamba, manja onunkha utsi, kuti dziko libadwiremo. Kenako anatulutsa tambala woyera mbee, n'kumupereka kwa a Gwedeza kuti akuchimuna akabwera ndi wakuda, adzawasinthire. Kunena zoona, mtima wa a Gwedeza unasefukira. Anamugwira tambalayo ngati khanda, ndipo anakamumangirira kuseri kwa kachipinda kawo. A Chimphepo ndi anyamata awo anadya kanyenya yense amene anali pamoto, nachoka akuimba, osasiya kanthu.

A Pepani anabwera mawa lake, okha, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Sanakwere pathumba. Anakhala pabenchi, nafunsa za umoyo wa banja lonse mpaka akufa omwe, kenako anafunsa mofatsa kuti kodi kanyenyayu amagula ndani. Anati ulemu ndi wabwino, koma sauthira mchere n'kudya. Anati tambala wakuda ndi tambala basi, msuzi wake ndi womwewo. Nawonso anadya, nawonso anachoka osasiya kanthu, pakuti pa mfundo imeneyi zipani ziwirizi sizinasiyanepo.

Boma la Zonsenzanga silinachedwe. Wailesi yake inalengeza kuti akatswiri afufuza ndipo apeza kuti chiyambire chilengedwe tambala woyera sanakhaleko, onse ndi akuda, ndipo ooneka oyerawo anangosuluka ndi dzuwa. Inalengezanso kuti sitima ya alendo yaima kaye kuti ipakidwe penti. Tsiku lomwelo maboti a nkhondo anayamba kuzungulira chilumba, ndipo boma linati asilikali ake akungophunzira kusambira. Lufeyo anatsekeredwa tsidya lomwelo pamodzi ndi ambulera yake.

Msika unauma gwa. Zipinda za alendo zinadzaza akangaude, koma eni ake sanatsitse lendi, ankati akudikira. Dzira silinatsike, tomato sanatsike, pakuti mtengo ukakwera suidziwanso njira yobwerera. Mtolankhani wina anafunsa a Nasimelo, mayi ogulitsa tomato pafupi ndi a Gwedeza, ngati iwo akufuna ufulu wodzilamulira. Mayiwo anati ufulu akuufuna kwambiri, koma ufike Loweruka madzulo msika utatha. Atawafunsa ngati ndiye akufuna kulowa m'manja mwa a Zonsenzanga, anati mtolankhaniyo asawatukwane, agule tomato kapena adutse. Aganyu otukwana mfumu aja, posowa owajambula, anatembenukira kwa a Gwedeza ndipo ankawatukwana ulere.

Kenako a Gwedeza anaitanidwa kubwalo la mfumu. Anabwereka jekete, nakakhala pansi kutsogolo kwa nduna. Mfumu Mbalizonse inali itakhazikitsa kale Unduna Woona za Mitundu ya Nkhuku, ndipo nduna yake inali itagula kale galimoto. Nduna imeneyi inaimirira n'kunena kuti yapeza njira: pabwere tambala wamawangamawanga. Bwalo lonse linawomba m'manja, mpaka nduna ina inafunsa ngati tambala wotereyu ndi wakuda wa mawanga oyera kapena woyera wa mawanga akuda. Abale inu, zinathera kugwirana m'makolala. Wina anati pabwere bakha. Wina anati bakha amasambira, ndiye a tsidya lija adzati tikunyoza asilikali awo. Anakambirana mpaka nthawi ya chakudya, anadya, nabwerera kudzakambirana ngati zimene anakambirana m'mawa zija zinali zokambirana kapena zongocheza.

Pomaliza mfumu inaimirira. Inati yamva mbali zonse ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Inati ufumu wake umalemekeza tambala wakuda popanda kunyoza woyera, ndiponso umanyadira woyera popanda kukhumudwitsa wakuda. Chotero inalamula kuti chinkhoswe cha Belita chiyambe chaima mpaka chisankho chitadutsa, ndipo chikadzadutsa, nkhaniyi idzaonedwa.

A Gwedeza anawomba m'manja mwaulemu, nagwada. "Zikomo mfumu. Koma mwanayu ndi woyembekezera, ndipo mimba ija sikudikira chisankho."

Mfumu inanong'onezana ndi nduna zake kanthawi. Kenako inawonjezera lamulo lachiwiri, lakuti poona mmene zinthu zilili panyanja, mimba ya Belita nayo iyambe yaima kaye, monga mimba ya nzika yokonda mtendere. Mlembi analemba, msilikali anaimba lipenga, bwalo linabalalika.

Mimba sinamvere lamulo la mfumu. Inapitiriza kukula poyera, mopanda mantha, moti a Chimphepo anaitchula pamsonkhano kuti ndiyo yokha yolimba mtima pachilumba chonse. A Nachisale anasiya kupita kumvano chifukwa cha manyazi. Belita anabwera yekha kubenchi masana ena, nakhala pansi movutikira, n'kuwauza amalume ake zimene Lufeyo ananena pa foni. Boma la kwawo linali litamuuza kuti chinkhoswe chikalephereka, kapena pakaoneka tambala woyera, chilolezo chake chowolokera nyanja chithera pomwepo, ndipo adzamutumiza kumigodi ya kumalire, kumene ambulera ilibe ntchito.

A Gwedeza anayamba kufotokoza za makolo, za ulemu wa chilumba, zakuti munthu sangakhale khonde la mnzake mpaka kalekale. Belita anawasiya amalize.

"Amalume, inu muli ndi dziko mumtima, ine ndili ndi munthu m'mimba. Dziko lanulo ladikira kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo silinafe. Uyu sadikira. Ndikufuna adzapeze bambo ake pakhomo."

Sanalire, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri a Gwedeza. Belita anali mwana amene iwo anamunyamula pamapewa bambo ake atamira panyanja, ndipo ankadziwa bwino chimene chimatanthauza kukula wopanda bambo. Tsiku limenelo kanyenya anapserera pamoto iwo ali chikhalire.

Patangotsala masiku ochepa kuti anthu avote, boma la Zonsenzanga linalengeza kuti penti yauma. Sitima ibwera kamodzi, Loweruka, itanyamula Lufeyo, nkhoswe yake, ndi tambala wosankhidwa ndi boma. Tambalayo akalandiridwa, alendo ayambiranso kubwera. Akakanidwa, Lufeyo abwerera tsiku lomwelo, ndipo chilumba chisadzaonenso iye kapena sitima. Mfumu Mbalizonse itamva izi inati sinaletsepo chinkhoswe cha munthu, amene anamva choncho anamva molakwa. Itatero inanyamuka kukayendera chitukuko kumbali ina ya chilumba, kumene foni sizigwira.

Loweruka chilumba chonse chinakhamukira kunyumba kwa a Nachisale. A Chimphepo anali mbali iyi ndi anyamata awo, a Pepani mbali iyo ndi jekete yawo, atolankhani m'mitengo. Panabweranso mkulu wina wa boma la Zonsenzanga wovala suti, amene sanamwetulire chitsikire m'sitima. Koma mwambo umati nkhoswe yachilendo iyambe yafika kwa nkhoswe inzake, awiriwiri, kukamwa madzi ndi kusamba m'mapazi, ndipo mwambo umenewu ngakhale wa sutiyo sanathe kuuletsa. Umu ndi mmene a Mkwapatira, malume ake a Lufeyo, anapezekera kuseri kwa benchi ya kanyenya ndi chitete chokutidwa ndi nsalu.

A Gwedeza ankayembekezera chimunthu chodzikuza. Amene anabwera anali mdala wowonda, wokonza njinga, nsapato zake zomangirira ndi waya. Anamwa madzi, nathokoza kawiri, kenako anavundukula chitete mwamanyazi. Tambala anali wakuda bii, ndipo pofuna kutsimikiza, aboma anali atamupakanso polishi wa nsapato. A Mkwapatira anati tambalayu wakhala akudya chakudya cha boma kwa mwezi wathunthu, chabwino kuposa chimene iwo amadya, ndipo panjira yonse iye ndi amene anali pampando, iwo ataimirira.

Asanamalize, tambala woyera uja, amene anali atanenepa kuseriko ndi madeya a a Gwedeza, anamva fungo la mnzake. Anadula chingwe. Wakuda naye anatumpha m'chitete. Zinagwirana pakati pa matumba a makala, nthenga fumbi kobo, madala awiri akuthamangitsa uku ndi uku, wina kugwa, wina kukalidwa pamkono. Pamene anazigwira, aliyense anapezeka atanyamula tambala wa mnzake, akupuma wefuwefu. Anayang'anana, ndipo a Mkwapatira anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene sanaseke nthawi yaitali. Anakhala pansi onse awiri.

Pamenepo a Gwedeza ananena kwa munthu wamoyo, koyamba m'moyo wawo, zimene ankauza nkhuku zakufa. Anati wakudayo sangamukweze m'mwamba, manja awo angakane, ndipo akatero sangadzayendenso pamsika. Anati akhala moyo wawo wonse akufuna tsiku ngati lero, kuti akweze woyera pamaso pa anthu onse, chilumba chimve dzina lake. A Mkwapatira anamvetsera osakwiya. Anati iwo za makonde ndi nyumba sazidziwa, pakuti nawonso amakhala ya lendi. Chimene ankadziwa n'chakuti Lufeyo ndi mwana wa mlongo wawo, anamulera okha, ndipo kumigodi kuja anthu amapita ndi mano onse n'kubwerako opanda mapapo. Woyera sangamupereke, wa suti uja akuona.

Kunyumba kwa a Nachisale ng'oma zinali zitayamba. Pambaula, monga mwa masiku onse, mphika wa madzi ososolera nkhuku unali ukubwadamuka, pakuti a Gwedeza ankautereka m'mawa uliwonse ngakhale pa tsiku la maliro. Anauyang'ana mphikawo. Anamuyang'ana tambala woyera, amene anali atamudyetsa ndi manja awo, namulota usiku ndi usana. Mtima unawawa ngati akupha mwana. Anatambasula dzanja n'kutenga mpeni.

A Mkwapatira anamvetsa msanga. Anafunsa motsitsa mawu ngati anzawowo akudziwa chimene boma la kwawo limachita ndi munthu wowononga katundu wa boma. A Gwedeza anati akudziwa, ndipo sawakakamiza. Mdalayo anayang'ana nsapato zake kanthawi, kenako anapinda manja a malaya.

"Yambani ndi wabomayu, ankhoswe anzanga. Wandiimika njira yonse."

Anapha atambala onse awiri, nawaviika m'madzi otentha, nawasosola mpaka kutsala psiti, ngakhale kanthenga ka m'khosi. Anadula mitu ndi miyendo, pakuti wakudayo polishi anali atamufika mpaka m'zikhadabo. Kenako anawaika m'beseni limodzi, navundikira, ndipo a Gwedeza analizungulitsa atatsinzina, a Mkwapatira nawo analizungulitsa akuyang'ana kudenga. Anatenga mmodzi n'kumuika m'mbale, winayo n'kumuponya pamoto. Kuyambira pamenepo panalibenso munthu padziko lapansi, ngakhale iwo eni, wodziwa kuti tambala ali m'mbaleyo ndi uti.

Atafika pabwalo la chinkhoswe, anthu anapatuka. Belita ndi Lufeyo anali atakhala pamkeka, onse awiri nkhope zili pansi. A Mkwapatira anagwada, nayankhula mawu a mwambo, navundukula mbale. A Gwedeza analandira ndi manja awiri ndipo anakweza m'mwamba, kuti aliyense aone, tambala wamaliseche.

Kunangoti zii, moti munthu ankamva mafunde kudoko. Wa suti uja anayandikira n'kufunsa a Mkwapatira kuti nthenga zili kuti. Mdalayo anayankha mwaulemu kuti kunja kuno kukutentha kwambiri. Anthu akadali kuganiza ngati akwiye kapena aseke, a Nachisale, amene sanali opusa, anaimba nthungululu yoboola makutu. Amayi a mvano anailandira, msoti unatuluka liwiro n'kulowa m'manja mwa a Mkwapatira, ng'oma zinagunda, ndipo mwambo umati msoti ukalandiridwa banja lamangidwa, ngakhale mfumu singalimasule.

Zotsatira zake mukhoza kuzilota nokha. Wailesi ya Zonsenzanga inalengeza kuti anthu a pakhonde alandira tambala wakuda mwansangala, ndipo anamuvula nthenga chifukwa cha chikondi. A Chimphepo anati aliyense anaona ndi maso ake kuti khungu linali loyera. A Pepani anati chachikulu n'chakuti palibe wakwiya. Mfumu Mbalizonse inabwerako kuchitukuko kuja n'kulengeza kuti imeneyi ndiyo ndondomeko yake kuyambira kale, Ndondomeko ya Tambala Wososola, ndipo inapambana chisankho ndi mavoti ochuluka kuposa kale. Sitima inayambiranso, alendo anachuluka, dzira linakweranso. A Nasimelo anati bola tsopano akuvutika ali ndi makasitomala.

Koma tibwerere ku Loweruka lija. Sitima italira kuti ikubwerera, wa suti anauza a Mkwapatira kuti afulumire, nkhani ya nthenga akaimalizira kwawo bwinobwino. A Mkwapatira anati akubwera, angotsanzika kaye. Analowa kuseri kwa benchi ya kanyenya, nakhala pathumba la makala, ndipo sanadzukepo mpaka utsi wa sitima unazimirira. A Gwedeza, munthu amene anataya nyumba chifukwa cha alendo a ku Zonsenzanga, anayang'ana kachipinda kawo, nayang'ana mdalayo. Anang'ung'udza kuti anthu a tsidya lija ndi choncho, ukawapatsa madzi akumwa amafuna ndi mphasa yomwe. Akung'ung'udza choncho anali akusuntha matumba kuti papezeke malo a munthu wachiwiri.

Belita anawapeza akusesa. Nthenga zinali mbwee pabwalo lonse, zakuda ndi zoyera zosakanikirana, zonyowa, zosathekanso kuzisankhula. Anali akadali m'chitenje cha chinkhoswe, ndipo Lufeyo anaima chapatali ndi ambulera yopinda, monga amachitira mkamwini waulemu. Belita anagwada movutikira n'kuthokoza. A Gwedeza sanamuyang'ane, anapitiriza kusesa, pakuti maso awo anali atafiira ndipo sankafuna kuti mwana aone.

"Amalume, nanga uyu akadzakula n'kundifunsa kuti tambala wa chinkhoswe chathu anali wamtundu wanji, ndidzati chiyani?"

A Mkwapatira anayankhira m'kachipinda muja, pakamwa podzaza ndi kanyenya wa tambala winayo, kuti adzamuuze kuti anali wonona. Belita anaseka, koma anadikirabe. A Gwedeza anawolera nthenga zija m'manja, naziyang'ana kanthawi, kenako anaziponya pamoto.

"Udzamuuze zoona, mwana wanga. Udzati agogo ake anapatsidwa tsiku limodzi loti anene dzina la dziko lawo, ndipo anachita mantha. Akadzakwiya nazo, adzapite akadandaule kwa bambo ake. Adzawapeza pakhomo."